Botolo Lodzadza M'chilimwe

A Makwinja anakhala ndi yankho langa zaka zambiri. Silinali lawo, linali langa, koma analisunga m'thumba ngati fodya. Funso lake linali lalifupi, la inde kapena ayi. Ine sukulu ndinailekera pamene anayamba kutiphunzitsa kuchotsera, koma ndikudziwa kuti munthu akafunsidwa amayankha. Iwo ayi. Ankavula magalasi, kuwapukuta ndi mpendero wa malaya, kuwavalanso, n'kunena kuti tikambirana tikafika kutsogoloko. Kutsogoloko ndiko kunandithera mapazi.

Ndiyambe ndi kwathu, mudzi wa thonje. Kumtunda kunali shedi yakale ya kampani ina imene inkagula thonje, ndipo kuseri kwa shediyo anakwirira migolo ya mankhwala opopera m'munda amene anatha ntchito. Kumunsi kunali chitsime chathu. Pakati pa ziwirizo panali nyumba yanga.

A Makwinja anali munthu woyeza madzi, wamtali, woonda, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Anabwera ndi anthu okumba, anaboola malo atatu, n'kumizamo mapaipi atatu. Anatiuza kuti mapaipiwo safika pamadzi. Amathera m'dothi, pamwamba pa madziwo, ndipo kumapeto kwa paipi iliyonse kuli kambiya kadothi kakang'ono kamene kamayamwa chinyontho. Ati poizoni satsika tsiku limodzi, amatsika pang'onopang'ono ngati mafuta pansalu, ndiye mapaipiwo ndi alonda oti amugwire ali panjira asanafike pamadzi athu.

Paipi yachitatu inagwera pabwalo langa, pafupi ndi papaya. Ndinawauza kuti ine sindisungira munthu chinthu pabwalo langa ulere. Iwo ati sopo. Ine ndinati sopo amatha. Tinagwirizana ndowa yachitsulo ndi sopo yemweyo. Ntchito yanga inali yochepa: kupopa mpweya ndi pampu yonga ya njinga, kudikira masiku awiri, kukoka timadzi timene tasonkhana m'kambiyamo, kuthira m'botolo lawo, kutseka. Iwo ankabwera kumapeto kwa mwezi panjinga yamoto kudzatenga.

Nthawi ya dzinja botolo linkadzadza. Koma itafika Okutobala, nthaka itauma gwa, paipi inandipatsa masipuni awiri okha, achikasu, onunkha ngati m'munda mongopoperedwa kumene. Ndinawayang'ana m'botolomo ndipo ndinachita manyazi. Kwathu mnzako akakubweretsera ndiwo, mbale yake subweza yopanda kanthu, umaikamo ngakhale mtedza pang'ono. Nanga munthu wamkulu, wa magalasi, wobwera mtunda wonsewo m'fumbi, ndimupatse timadzi tooneka ngati mkodzo wa mbuzi? Azikati kunyumba kwa mayi uja n'kwauve? Ndinataya timadzito pansi pa papaya, ndinatsuka botolo ndi phulusa, ndinalidzadza ndi madzi a mumtsuko. Atabwera ndinagwada n'kuwapatsa ndi manja awiri. Analandira ndi manja awiri, anati zikomo. Mwezi wotsatira ndinachita chimodzimodzi. Winawo chimodzimodzi. Pepala linabwera loti zonse zili bwino.

Mvula inagwa yambiri chaka chimenecho. Chimanga chitayamba kuuma, achule a pachitsime anasowa. Kenako madzi anayamba kumveka kuwawa kukhosi, koma tinati ndi mizu ya mtengo. Anthu ambiri anadwala n'kuchira. Dolika wanga anali ndi zaka zinayi, kathupi kochepa, ndipo ankakonda kumwa m'manja ndikamatunga. Anayamba ndi m'mimba, kenako thovu kukamwa, kenako kunjenjemera. Kuchipatala tinafika, koma tinabwerako ndi nsalu yokha yomuberekera. Chitsime anachikwirira ndi miyala. Bambo ake anati ndi ufiti wa abale anga, anatenga khasu ndi wailesi n'kubwerera kwawo.

Titameta, a Makwinja anabwera kudzazula mapaipi awo. Ndinawapeza atagwada pansi pa papaya ndipo ndinawauza zonse, za masipuni awiri, za phulusa, za mtsuko. Sindinalire. Ndinafunsa:

“Ndikanakupatsani timadzi tija momwe tinalili, Dolika akanakhalapo?”

Anavula magalasi. Ati nkhani imeneyo ikufunika kuona mapepala, ndipo mapepala ali kutauni ina kumene akupita kukamiza mapaipi ena. Patapita masiku anayi ndinasiya mwana wanga wamkulu, Enelesi, kwa mchemwali wanga, ndinati ndikubwera sabata yamawa, n'kuwalondola.

Tauni yoyamba inali ya mtaya. Zinyalala za tauni yonse ankazithira pachigwa chimodzi, utsi sunkatha, ndipo kumunsi kwake kunali timanyumba ndi mjigo umodzi. A Makwinja atandiona anayang'ana kumbuyo kwanga ngati pali wina wondiperekeza. Ndinawauza kuti ndabwera kudzaona mapepala aja. Ati mapepala sanafike. Ndinati ndidikira, ndipo popeza sindidikira ndi njala, ndizinyamula bokosi lawo la mabotolo, iwo azindidyetsa. Ati ntchitoyo si ya amayi. Ndinasenza bokosilo n'kuyamba kuyenda, iwo n'kumanditsata.

Kumeneko ndinaphunzira kuti botolo loyezera silitsukidwa ndi sopo kapena phulusa. Ndinaphunzira kuti chimene paipi yakupatsa ndicho umapereka, kaya ndi dontho limodzi, ndipo ikapanda kukupatsa kanthu umalemba kuti pouma, chifukwa nalonso ndi yankho. Mawu amenewo, pouma, ndi oyamba amene ndinaphunzira kulemba ndili wamkulu. Ndinkawalemba mokhota, koma ankawerengeka.

Paipi ya kumunsi kwa mtaya inali pabwalo la mayi wina wokazinga mandasi, Nasiketi. Tsiku lina ndinafika msanga ndipo ndinamupeza atagwira botolo kudzanja lino, kapu ya madzi oyera kudzanja linalo. Ndinamugwira pamkono mpaka kapu inagwa. Anandiyang'ana ngati wamisala. Amvekere, achemwali, timadzi timeneti mungapatse bwana? Adzatiyesa anthu otani? Ndinamva mawu anga akutuluka m'kamwa mwa munthu wina. Ndinamukhazika pampando wake womwe n'kumuuza za Dolika, mandasi akupserera m'chiwaya. Timadzito tinapita momwe tinalili. Pasanapite nthawi mjigo unatsekedwa ndi unyolo, anthu n'kuyamba kutunga kutali, kuseri kwa njanji. Anatitukwana zedi. Nasiketi yemweyo anandiuza kuti ndamuphera bizinesi. Palibe amene anamwalira, ndiye palibenso amene anathokoza, chifukwa munthu amene sanafe saoneka. Ndinafunsa a Makwinja funso langa tikumanga katundu. Ati tikafika kutsogoloko.

Kutsogoloko kunali tauni ya zikopa. Fungo lake linkatichingamira tisanaone nyumba. Mwini wake wa malo ofufutira zikopawo anatilandira bwino, anatitulutsira mipando, anationetsa mapaipi amene anamiza yekha, atatu, opaka penti, okhala ndi zivindikiro zokongola. Madzi ake anali oyera ngati misozi. A Makwinja anayenda mozungulira dzenje lothiramo madzi a zikopa, anathira kapu ya madzi pansi n'kundiuza kuti ndiyang'ane kumene akulowera. Analowera kumadzulo. Mapaipi onse anali kum'mawa. Ati pansi pa nthaka palinso chitunda ndi chigwa, ndipo mlonda woyang'ana kumtunda sadzaona kanthu mpaka kalekale. Mwini wakeyo ati kumadzulo kulibe malo, kuli khola la nkhumba. A Makwinja anayamba kupukuta magalasi. Ine ndinamuuza bamboyo kuti nkhumba zisamuka lero, kapena ndikaima pamsika mawa kuuza amayi onse chimene nkhumbazo zagonera. Tinamiza mapaipi m'kholamo.

Kumeneko tinakhalitsa, kaya chaka, kaya ziwiri. Tinamiza timbiya titatu pamalo amodzi, kapamwamba, kapakati ndi kapansi. Poizoni akaoneka m'kapamwamba, timadikira kuti aoneke liti m'kapakati, ndipo potero timadziwa kuti akuyenda mofulumira bwanji ndi kuti madzi a pansiwo atsala ndi nthawi yanji. A Makwinja ankalemba m'buku. Ine ndinatenga chingwe, mwezi ukatha ndimange mfundo. Ndinaphunzira kuti poizoni mumchenga amathamanga, m'makande amakwawa, m'katondo amayenda ngati munthu wopita kumunda. Kwathu kunali katondo. Tsiku lina ndili ndekha ndinatenga chingwe china n'kuyamba kumanga mfundo za kwathu, kuyambira Okutobala uja. Nditafika pakati ndinachimasula. Yankho langa sindinafune kulimva kuchokera ku zala zanga. Amene analandira botolo ndi amene anayenera kunena.

Kuchokera pamenepo matauni anayamba kufanana. Sindingathe kunena kuti iti inayamba, iti inatsatira. Kunali kwina kwa malo omwetsera mafuta a galimoto, kumene timadzi tinkatuluka tili ndi utawaleza pamwamba. Kunali kwina kwa zimbudzi za msika zimene anazikumba mondondozana pamwamba pa dambo. Kunali kwina kwa minda ya fodya, kwina kwa manda odzadza. Kulikonse kunali chinthu kumtunda, chitsime kumunsi, ndi nyumba ya mayi wina pakati. Nthawi zina pabwalopo pankakhala papaya, nthawi zina mango, nthawi zina chitsa chabe, koma mayiyo ankakhalapo, ndi kapu yake m'manja. Ena ndinkawapeza asanathire. Ena ndinkawadziwira pa botolo, likadzadza mpaka m'khosi mwezi woti ngakhale chule akusowa pobisala. Ndinkalitsegula pamaso pawo, kulawa, n'kuwafunsa kuti mtsuko wake uli pati.

Ndinkayenda ndikumva pansi. Anthu ena akamayenda amaona mitengo, mitambo. Ine ndinkamva zinthu zikutsika pansi pa mapazi anga, pang'onopang'ono, osapuma, ngakhale Lamulungu. Msewu uliwonse unkaoneka wotsetsereka. Ndikagona pamkeka ndinkalota ndili kambiya, ndakwiriridwa mumdima, ndikuyamwa dothi, ndikudikira wina apope.

Funso langa ndinkalifunsa pomanga katundu paliponse. Mayankho ankasintha pang'ono. Ati mapepala anatayika posamuka ofesi. Ati za chipatala iwo sazidziwa. Ati mayi a Dolika, zinazi n'za Mulungu. Ndinawauza kuti Mulungu sindinamupatse botolo. Kamodzi anafuna kundigulira nsalu, ndinawauza kuti nsalu siyankha. Kamodzi anachoka m'mamawa osanditsanzika, ndinawapeza patapita milungu itatu atagwada pa paipi ina, ndinangotenga pampu m'manja mwawo n'kupitiriza kupopa. 

Enelesi anandipeza m'tauni ina ya msika waukulu. Sindinamuzindikire. Ndinaona mayi wobereka khanda ataima patsogolo panga, ndinamuuza kuti asunthe, akundiphimbira dzuwa powerenga botolo. Sanasunthe. Ati wafunsa m'matauni anayi za mayi woyenda ndi bokosi. Ati pa ukwati wake anandisungira mpando, pakubadwa kwa mwanayo anatuma uthenga kawiri. Ndinamuuza kuti ndatsala pang'ono, ndili ndi kanthu kamodzi koti ndilandire. Anamasula mwanayo n'kundionetsa nkhope yake, koma sanandipatse kuti ndimunyamule.

“Amayi, munali ndi ana awiri,” anatero.

Ndinati ndikudziwa kuwerenga mpaka pamenepo. Anamubereka mwana wake bwinobwino, anamanga nsalu pachifuwa, n'kupita kukakwera basi. Ndinamuyang'ana mpaka analowa m'gulu la anthu. Kenako ndinamaliza kulemba botolo lija, chifukwa likakhalitsa padzuwa limanama.

Tsitsi la a Makwinja linayera, manja anayamba kunjenjemera, madontho n'kumagwera pambali pa botolo. Ntchito yambiri inatsalira ine. Anthu a m'maofesi amene poyamba ankandilankhula kudzera mwa iwo anayamba kundifunsa ndekha kuti paipi tiimize pati. Kenako tsiku lina iwo kunalibe. Ati apuma ntchito, apita kwawo. Kwawo kuti, palibe ankadziwa. Wina ati kumapiri, wina ati kuchigwa. Ndinapitiriza ndekha, mudzi uliwonse ndikufunsa za munthu wamtali wa magalasi.

Ndili ndekha choncho ndinafika pamudzi wina umene unali kumunsi kwa dibi lakale la ng'ombe. Pempho lawo loti kubwere oyeza linali litagona muofesi ina nyengo zingapo. Ndinamiza timbiya tanga titatu, ndipo tonse titatu tinatulutsa fungo limodzi, kapansi kuposa tinzake. Panalibe choti mlonda aone, wakuba anali atalowa kale m'nyumba. Pamudzipo panali masamba panjira, ndipo ndinapita kukakhala pasiwa monga mlendo amachitira. Womwalirayo anali mwana. Mayi ake anali wamng'ono, wa msinkhu wa Enelesi, atakhala pakona osalira, maso ali gwa. Wina anamunong'oneza kuti uyu ndi mayi wa mapaipi. Anasendera pafupi nane n'kundigwira nsalu.

“Mukanabwera chaka chatha, akanakhalapo?”

Ine ndilibe magalasi opukuta. Ndinayang'ana pansi, ndinakonza mpango kumutu, ndipo ndinadzimva ndikunena kuti nkhani imeneyo ikufunika kuona mapepala. Anandisiya nsalu. Ndinatuluka, ndinasenza bokosi, ndinayenda mpaka pamlatho wa kumapeto kwa mudzi. Pamenepo ndinaima. Ndinatula bokosi pamsewu n'kubwerera. Ndinalowa pakati pa amayi oimba, ndinagwada pamaso pake n'kumuuza kuti inde, akanakhalapo, tinachedwa ndife, iye sanalakwe kanthu. Anandiyang'ana kanthawi, kenako analira kulira kwenikweni, kogwetsa munthu pansi, amayi n'kumugwira. Wina anandikankhira panja, ati ndilibe umunthu. Koma ine ndinaona nkhope yake isanalire ndi italira, ndipo ndikudziwa imene inali ya munthu wamoyo.

Kuchokera tsiku limenelo sindinamizenso paipi mpaka nditawapeza a Makwinja. Ndinafunsa kwa amene ankawakonzera njinga yamoto, iye ananditumiza kwa mlamu wawo wogulitsa matabwa, mlamuyo ananditumiza kukamudzi kena ka m'mphepete mwa msewu waukulu. Ndinafika masana, dzuwa lili pamutu. Anali atakhala pakhonde pampando wansungwi, magalasi ali pamwendo, maso atachita mtambo. Akazi awo ankasenda mtedza chapatali. A Makwinja anandidziwa ndisanalankhule, ati amva kulira kwa mabotolo m'bokosi.

Anaitanitsa mpando, ndinakana. Anaitanitsa madzi akumwa, ndinati ndamwa. Anayamba kufunsa za tauni ya zikopa, ngati mapaipi a m'khola aja akadalipo. Ndinawadula. Ndinawauza kuti bokosi lawo ndawanyamulira mpaka tsitsi lathothoka paliwombo, ntchito yawo ndawagwirira, mwana wamoyo ndamutaya panjira, ndipo kutsogolo kwatha, pano ndi pakhomo pawo. Ndinati sindichoka pabwalopo, akafuna adzandikwirire pomwepo ngati kambiya. Akazi awo analeka kusenda.

Anagwira magalasi aja, koma sanawapukute. Anangowatembenuzatembenuza.

“Miyezi isanu ndi iwiri,” anatero. “Kuchokera botolo loyamba lija kufika pamene chitsime chinawawa. Kutseka chitsime kumafuna tsiku limodzi. Kukumba china kutsidya, milungu itatu. Akanakhalapo, mayi a Dolika.”

Ndinati ndamva. Ndinaweramira bokosi kuti ndilisenze. Mawuwo analowa bwinobwino, pamalo pomwe ndinawakonzera kalekale, ndipo ndinaganiza kuti basi, ndi zomwezo. Koma iwo anakweza dzanja, ati sanamalize, yankho langa lili ndi mbali ina imene akhala akuisenza iwo.

“Ndinadziwa. Tsiku lomwe lija. Paipi siidzadza botolo mu Okutobala, ndipo madzi a m'dothi sanunkha mtsuko. Ndinadziwa lisanafike m'manja mwanga.”

Ndinawafunsa chimene analandirira.

“Munagwada. Munandipatsa ndi manja awiri, pabwalo panu, anzanu akuona. Ndikanati chiyani, kuti mayi mwanama? Ndinati mwezi wamawa ndidzakufotokozerani bwino, kumbali. Mwezi wamawawo munagwadanso, ndiye manyazi anakhala awiri, anu ndi anga oti ndinalandira loyamba lija. Ndinayeza madzi a mumtsuko mwanu katatu, ndikudziwa, n'kulemba zimene ndinapeza.”

Nkhuku inadutsa pakati pathu n'kukatola mtedza m'lichero, akazi awo osaiingitsa. Ine ndinkayang'ana manja a bamboyo, manja omwe aja, aulemu, amene sanakankhepo munthu. Zaka zonse ndinkayesa kuti akundibisira yankho pondimvera chisoni. Ndinkawakwiyira, koma pansi pa mkwiyowo ndinkati ndi munthu wabwino, akuopa kundipha nalo. Ndinkawaphikira tiyi akadwala. Ndinkawasokera matumba a jekete.

Anayamba kunena zina, zoti sagona, zoti anandilola kuwatsata chifukwa kundiona tsiku ndi tsiku ndicho chinali chilango chawo, zoti asanafe akufuna kumva mawu amodzi ochokera kwa ine. Ndinawauza kuti ine ndinabwera kudzalandira, sindinabwere kudzapereka. Changa andipatsa, chokwana, mpaka chosefukira. Chimene akufunacho ndilibe, ndipo chimene ndilibe sindiwonjezera madzi kuti chioneke chodzadza. Akazi awo anati mayi, khalani mudye kaye. Ndinati zikomo, ndinasenza bokosi, ndinatuluka.

Msewu waukulu unali pafupi. Panali minibasi ziwiri, ina yoloza uku, ina uko, makondakitala akuitanira mayina a matauni. Onse ndinkawadziwa, onse ndinagonamo. Mmodzi anandithamangira n'kugwira bokosi, amvekere, amayi mukupita kuti? Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe, koma munalibe dzina. Zaka zonsezo ndinkapita kumene kwapita a Makwinja, ndipo iwo anali kumbuyo kwanga, pakhonde. Anafunsanso, kenako anandisiya, minibasi zonse ziwiri zinanyamuka.

Ndinatula bokosi m'mbali mwa msewu n'kukhalapo. Pansi panali zii, sindinamve kanthu kakutsika. Ndipo maliro a Dolika, amene ndinawasiya pakati tsiku lometa lija, ndinawalira pamenepo, dzuwa likuswa mtengo, pamsewu wa eni ake, anthu akudutsa ndi njinga zawo.